Kodi tichotse Windows m'labu ya sukulu yathu n'kuikamo Linux?

Funso: "Ndine mphunzitsi wa Computer Studies pa sukulu ina ya CDSS m'chigawo chapakati. Chaka chatha anthu akufuna kwabwino anatipatsa makompyuta 18 ogwiritsidwapo kale ntchito. Onse ali ndi Windows 7, ena amalemba pakona kuti Windows yakeyo si yeniyeni, ndipo mavairasi atisowetsa mtendere. Mwana akangolowetsa fulashi, mafayilo onse amasanduka ma shortcut. Pano oyenda bwino ndi 11 okha. Mnyamata wina amene anaphunzira pano, yemwe tsopano ali ku yunivesite, akuti tichotse zonse tiike Linux ndi LibreOffice, zomwe akuti n'zaulere. Ahedi akukayika. Akuti chaulere sichikhalitsa, komanso akuopa kuti ana a Fomu 4 angasokonezeke pa mayeso a MANEB. Komiti ya makolo ilibe ndalama zogulira malaisensi. Tichite bwanji? Nanga zimenezi n'zololedwa pa sukulu ya boma?"

Yankho: Zikomo aphunzitsi polemba. Choyamba, mtima ukhale m'malo. Makompyuta anuwo sanathe ntchito, ndipo mnyamata wanuyo sakukusocheretsani. Ndakhala ndikukonza makompyuta a m'sukulu kwa zaka zambiri, ndipo zimene mwafotokozazi ndazipeza pafupifupi m'labu iliyonse imene ndalowamo: sikirini yakuda yolemba pakona kuti Windows si yeniyeni, mafulashi odzaza ma shortcut, ndi makompyuta angapo ataunjikidwa kumbuyo kwa kalasi atafunditsidwa chitenje. Yankho langa ndi lakuti inde, ikani Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse monga imachitira Windows, ndipo palibe lamulo limene mukhale mukuphwanya. Koma musaike pa makompyuta onse tsiku limodzi, ndipo musayambe musanapeze mphunzitsi mnzanu woti aphunzire nanu limodzi. Ahedi musawaone ngati otsekereza chitukuko. Pa nkhawa zawo ziwirizo, yoyamba ndi yosavuta kuyankha, koma ya mayeso ija ndi yeniyeni ndipo tiyenera kuisamala.

Tiyambe ndi chimene chikudwalitsa makompyutawo. Kampani ya Microsoft inasiya kusamalira Windows 7 pa 14 Januwale 2020. Kuyambira tsiku limenelo, mpata uliwonse umene opanga mavairasi apeza sutsekedwanso. Windows 10 nayo chisamaliro chake cha nthawi zonse chinatha pa 14 Okutobala 2025. Yatsala ndi Windows 11, koma imeneyi imafuna kompyuta yokhala ndi kachipangizo kotchedwa TPM 2.0 ndi purosesa ya zaka zaposachedwapa, ndipo kompyuta imene inabwera ndi Windows 7 kawirikawiri siikwanitsa. Ndiye ngakhale komiti ikanapeza ndalama za malaisensi lero, ikanagula katundu amene makompyuta anuwo sangamusenze. Kumene ambiri amathawira n'kuitana mnyamata wa pa tauni kuti adzaike Windows ndi Office zobera. Zimenezo ndikukuletsani. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga limatetezera nyimbo ndi mabuku, ndipo sukulu ya boma siyenera kuphunzitsa ana pa katundu wakuba. Komanso timapulogalamu tothyolera laisensi timeneti nthawi zambiri timabwera titanyamula kale vairasi, ndipo woikayo amayamba wazimitsa antivairasi kuti tilowe.

Za ma shortcut zija, dziwani kuti mafayilo a ana sanafufutike. Vairasiyo imangowabisa n'kuika tizithunzi tonamizira m'malo mwake, kuti mwana akadina, iyo ifalikire. Mukalowetsa fulashi yomweyo pa kompyuta ya Linux, mudzawapeza mafayilo onse ali bwinobwino, nthawi zina m'foda yopanda dzina, ndipo pambali pake pali timafayilo tothera ndi .lnk kapena .vbs. Timeneto ndiye matendawo. Mumangotifufuta, chifukwa pa Linux sitingadzuke. Ndikafika pa sukulu imene anthu akukayika, chinthu choyamba chimene ndimaonetsa n'chimenechi. Tsiku lina mayi wina wophunzitsa Chichewa anabwera ndi fulashi imene ankati yameza mayeso a temu amene anawataipa kwa masiku atatu. Mafayilo awo ataonekera pa sikirini anagwira pakamwa, ndipo kuyambira pamenepo ndi iwo amene ankakopa anzawo kuti abwere kudzaphunzira.

Tsopano za mawu a ahedi akuti chaulere sichikhalitsa. M'Chingerezi liwu limodzi lomwelo, loti free, limatanthauza ulere komanso ufulu, n'chifukwa chake anthu amasokonezeka. Ife tili ndi mwayi, mawuwo kwathu ndi awiri osiyana. WhatsApp ndi yaulere, koma simungaone mmene inalembedwera kapena kuisintha. Mapulogalamu amene mnyamatayo akunena chachikulu chawo ndi ufulu, ulere umangotsatira pambuyo. Richard Stallman atayambitsa ntchito yolemba mapulogalamu aufulu yotchedwa GNU ku America mu 1983, mfundo yake inali yakuti munthu akhale ndi ufulu wogwiritsa ntchito pulogalamu pa chilichonse, woona mmene inalembedwera, woisintha, ndi wogawirako anzake. Mu 1991 Linus Torvalds, ali wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, analemba phata la Linux n'kulitulutsa kuti aliyense aonjezerepo. Mu 2004 Mark Shuttleworth wa ku South Africa anatulutsa mtundu wa Linux wosavuta kwa munthu wamba n'kuutcha Ubuntu, liwu la Chizulu ndi Chixhosa limene ife timati umunthu. LibreOffice, imene imagwira ntchito ya Microsoft Office, inabadwa mu 2010 kuchokera ku inzake yotchedwa OpenOffice. Mapulogalamu onsewa ali ndi laisensi, ndipo laisensiyo imanena poyera kuti mukhoza kuwakopera pa makompyuta 18 kapena 1,800 osalipira kanthu.

Ahedi adzafunsa kuti nanga owakonzawo amadya chiyani. Makampani akuluakulu amalemba ntchito akatswiri oti azisamalira Linux chifukwa malonda awo amayenda pa iyo. Maseva ambiri a intaneti, makompyuta amene amasunga zinthu n'kumazipereka kwa makompyuta ena, ali pa Linux, ndipo foni ya Android imene ili m'thumba mwa ahediwo, pansi pake pali Linux. Boma lathu nalonso si mlendo pa zimenezi. Unduna wa Zaumoyo umasonkhanitsa malipoti a zipatala kudzera mu DHIS2, pulogalamu yaufulu yochokera ku yunivesite ya Oslo, ndipo makina odina pa sikirini olembetsera odwala amene a Baobab Health anayamba kuika ku Kamuzu Central Hospital kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anadzamangidwanso pa mapulogalamu a mtundu womwewu. Chinthu chimene chikusunga mbiri ya odwala sichingalephere kuphunzitsa mwana wa Fomu 1 kulemba kalata.

Komabe walira mvula walira matope. Ndalama ya laisensi mukaipewa, mtengo wake umasamukira kwina: nthawi yanu yophunzira, nthawi yophunzitsa anzanu, ndi kudekha tsiku limene pirinta yakana. Kumene zimenezi zinayenda bwino, zinayenda chifukwa anthu anavomera kulipira mtengo umenewu. Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi cha dera la Kerala ku India. Boma la kumeneko linayambitsa ntchito ya IT@School mu 2001, ndipo cha m'ma 2006 mpaka 2008 sukulu zake zinasamukira ku mapulogalamu aufulu. Sanangogawa ma CD n'kuchoka. Anatenga aphunzitsi a m'kalasi n'kuwasula kuti akhale ophunzitsa anzawo, analembanso mabuku kuti zithunzi zake zifanane ndi zimene mwana akuona pa sikirini, ndipo mayeso ochita pa kompyuta anawasamutsiranso pa Linux yomweyo. Ankachititsanso misonkhano yokonzera makompyuta owonongeka a m'sukulu. Mu 2017 ntchitoyi inasanduka bungwe lotchedwa KITE, ndipo mu 2018 anayambitsa makalabu a ana otchedwa Little KITES, m'mene ana amaphunzira kulemba mapulogalamu ndi kusamalira zipangizo za sukulu yawo. Mbali inayi, mzinda wa Munich ku Germany unagamula mu 2003 zosamutsira maofesi ake ku Linux, unasamutsadi makompyuta masauzande ambiri, koma mu 2017 khonsolo inavota zobwerera ku Windows. Limodzi mwa madandaulo ake linali kuvuta kosinthana mafayilo ndi maofesi ena amene sanasinthe. Inu muli pafupi ndi Munich kusiyana ndi Kerala pa mfundo imodzi: mukusintha nokha, pamene mabuku, mayeso ndi maofesi okuzungulirani sanasinthe. N'chifukwa chake ndikuti muyende mosamala.

Ndiye tikambe za mayeso. Mabuku ambiri a Computer Studies amene ana athu amawerenga ali ndi zithunzi za Word, Excel ndi Access. Mu LibreOffice, ntchito ya Word imagwiridwa ndi Writer, ya Excel ndi Calc, ya PowerPoint ndi Impress, ya Access ndi Base. Writer ndi Calc sizidetsa nkhawa kwenikweni. SUM, AVERAGE, IF ndi COUNT zimalembedwa chimodzimodzi, matebulo, ma chart ndi mail merge zonse zilimo, ndipo mukapita pa View n'kusankha User Interface kenako Tabbed, maonekedwe ake amayandikira a Office imene ili m'buku. Pamene pali phompho ndi pa Base. Mfundo zake n'zomwezo, matebulo, primary key, ma query, mafomu ndi malipoti, koma njira yofikira pa chilichonse ndi yosiyana, ndipo fayilo ya Access siitseguka mu Base ndi mafomu ake ndi malipoti ake. Mwana amene wakhala zaka ziwiri pa Access ukamupatsa Base kutatsala miyezi itatu kuti alembe, wamulakwira.

Choncho a Fomu 4 a chaka chino musawakhudze. Amalize pa zimene anazolowera. Patulani makompyuta oyenda bwino okwanira iwowo, muwayeretse mavairasi, muwachotse pa intaneti, ndipo muletse mafulashi a kunja. Yang'ananinso pambali kapena pansi pa bokosi la kompyuta iliyonse. Makompyuta ambiri opatsidwa amakhala ndi kasitika ka Microsoft kokhala ndi zilembo ndi manambala 25, kutanthauza kuti anali ndi laisensi yeniyeni ya Windows imene wina anaifufuta poika yobera. Kasitikako sikaphatikiza Office, imeneyo laisensi yake ndi yapadera. Kenako ahedi alembe kalata ku ofesi ya division ndi ku MANEB kufunsa mapulogalamu ndi mtundu wa mafayilo amene amaloledwa pa mayeso ochita pa kompyuta. Malangizo a mayeso amatha kusintha, choncho musadalire zimene mnzanu wa sukulu ina wakuuzani pa foni, kapena zimene ine ndalemba pano. Yankho lolembedwa ndi eni mayeso lisungidwe mu fayilo ya ahedi. Safunsa anadya phula.

Linux muyambe nayo pa Fomu 1, ana amene sanazolowere china chilichonse. Pali njira inanso yapakati imene anthu amaiiwala: LibreOffice imayendanso pa Windows. Mukhoza kuiika pambali pa Office pa makompyuta a Fomu 3, ana n'kumachita ntchito imodzi m'mapulogalamu onse awiri. Ine ndimaona kuti zimenezi zimawanola. Mwana amene analoweza kuti batani lili pakona yakumanzere amasowa chochita batanilo likasuntha. Amene anamvetsa kuti akufuna kusanja mayina motsatira alifabeti amafufuza mpaka alipeze, kaya ndi pa Calc, pa Excel kapena pa foni. Kholo likadzakufunsani kuti kuntchito amagwiritsa Microsoft, mudzaliyankhe zimenezi, ndipo mudzalikumbutse kuti Office ya lero yasiyana kale ndi imene ili m'zithunzi za m'buku.

Kunena za chilolezo, makompyutawo ndi katundu wa sukulu. Nkhaniyi ipite ku msonkhano wa aphunzitsi ndi wa komiti, ilembedwe m'maminitsi, ndipo muone ngati amene anawapereka anasiya pangano lililonse lokhudza kasamalidwe kake.

Pa kasankhidwe, mitundu ya Linux ndi yambiri ndipo mukafunsa anyamata asanu mudzamva mayina asanu. Musataye nthawi ndi mkangano umenewo. Onani RAM ya makompyuta anu, kutanthauza memore imene kompyuta imagwirira ntchito ikayaka. Ngati ili 4 GB, ikani Linux Mint ya Xfce, chifukwa menyu yake ili pansi kumanzere monga Windows 7 ndipo mwana sasochera. Ngati ili 2 GB, Lubuntu ndi yopepuka. Akale kwambiri a 32-bit amadzuka ndi antiX. Chofunika n'chakuti labu yonse ikhale pa mtundu umodzi momwe zingathekere, ndipo ukhale wa chisamaliro chautali. Ubuntu imatulutsa mtundu wotere mu Epulo pa zaka ziwiri zilizonse n'kuusamalira zaka zisanu, ndipo Linux Mint imamangidwa pa umenewo. Mint 22 idzasamaliridwa mpaka 2029.

Ubwino wake, simufunika kufufuta kanthu kuti muyese. Mumaika Linux pa fulashi ya 8 GB pogwiritsa ntchito Rufus kapena Ventoy, n'kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashipo. Imayenda yonse osakhudza hard disk. Pamenepo yesani mawu, netiweki, purojekita ngati muli nayo, makamaka pirinta. Mapirinta ambiri a HP amangogwira okha, koma mitundu ina imafuna kufufuza madiraiva, ndipo makadi ena a Wi-Fi amavuta. Ndi bwino kudziwa zimenezi Windows ikadalipo kusiyana ndi kuzizindikira usiku woti mawa musindikize mayeso.

Fulashi yomweyo ndi imene idzakuuzeni za makompyuta 7 ogona aja. Ikayaka bwino kuchokera pa fulashi, vuto lili pa hard disk kapena pa Windows, kompyutayo ndi yamoyo. Ikangolira kuti pi pi pi osaonetsa kanthu, zimitsani, zulani chingwe kukhoma, tsegulani bokosi, chotsani RAM, pukutani mano ake agolidewo ndi labala ya pensulo mofatsa, phumitsani fumbi, bwezerani mpaka imveke kuti thapu. Ikamaiwala tsiku ndi nthawi, ndi kabatire kozungulira ngati kobiri kolembedwa CR2032, kamene kamapezeka kwa okonza mawotchi. Mwa makompyuta amene ndimawapeza atafunditsidwa chitenje, ambiri amadzuka ndi zinthu zitatu zimenezi. Amene afadi musawataye, RAM ndi power supply zake zidzapulumutsa anzawo. Komiti ikapeza kandalama, SSD yaing'ono, disiki yamakono yothamanga, m'malo mwa hard disk yakale imasintha liwiro kuposa china chilichonse chimene mungagule.

Intaneti ndiye mtengo wobisika. Linux Mint ndi pafupifupi 3 GB, ndipo mapulogalamu owonjezera amakokedwanso pa intaneti. Musachite zimenezi ka 18 pa bandulo ya m'thumba mwanu. Tengani kompyuta imodzi, pitani nayo kumene kuli intaneti yabwino, ikani zonse zimene mukufuna, kenako muikopere yonse pa inzake pogwiritsa ntchito Clonezilla. Pokonza kompyuta yoyambayo, pangani akaunti ziwiri: ya mphunzitsi yokhala ndi mphamvu yoika ndi kuchotsa zinthu, ndi ya ana yopanda mphamvuyo. Ikaninso mafonti a Carlito ndi Caladea, amene kukula kwake n'kofanana ndi Calibri ndi Cambria. Popanda amenewa, kalata yochokera ku division imatseguka mizere itasuntha, ndipo tsiku lomwelo ahedi adzati Linux yawononga kalata ya boma. Makalata opita kunja muziwasunga ngati .docx, kapena PDF ngati safunika kusinthidwa.

Koma phindu lenileni, kwa ine, lili pa zimene labuyo ingachitire maphunziro ena. Kompyuta imodzi ikhale seva, muilumikize ku rauta wamba yopanda intaneti. Pa sevayo ikani Kiwix, imene imasunga Wikipedia kuti iwerengedwe popanda intaneti. Yachingerezi yonse ndi zithunzi zake ndi pafupifupi 100 GB, koma pali zigawo zazing'ono za sayansi, masamu kapena Chingerezi chosavuta. Ikaninso Kolibri ya bungwe la Learning Equality, imene imanyamula mavidiyo a Khan Academy ndi mafunso oyeserera, ndipo imamuonetsa mphunzitsi mwana amene watsalira ndi pamene wakodwa. Ndiye pali PhET, zoyeserera za sayansi zochokera ku yunivesite ya Colorado Boulder, zimene anayambitsa Carl Wieman, katswiri wa Physics amene analandira mphoto ya Nobel mu 2001. Ndinaonapo kalasi ya Fomu 3 pa sukulu yopanda labu ya sayansi ikumanga seketi pa sikirini. Mtsikana wina anakokera batire, mawaya ndi mababu awiri motsatizana, mababuwo n'kuyaka mozimiririka. Atawalumikiza mogundana mbali ndi mbali anawala kwambiri, ndipo iye anatembenukira mnzake n'kunena kuti, "Ndiye chifukwa chake babu la kuchipinda likapsa la pabalaza silizima." Mphunzitsi wa Physics amene anaima kumbuyo sanalankhule, koma sabata yotsatira anabwera kudzapempha nthawi yake m'labumo. Labu imene aphunzitsi a Physics, Biology ndi Geography akuigwiritsa ntchito imakhala ndi anthu ambiri oimenyera nkhondo pa msonkhano wa bajeti. Scratch yophunzitsira kulemba mapulogalamu ndi KTouch yophunzitsira kutaipa ndi zala zonse muziikenso, n'zopepuka. Chenjezo limodzi: musajambule mabuku a eni ake ndi sikana n'kuwaika pa seva popanda chilolezo. Manotsi anu ndi a anzanu, amenewo ikani.

Magetsi ndi fumbi zimapha makompyuta ambiri kuposa vairasi, ndipo apa Linux ilibe chothandiza. Magetsi akathima, zimitsani pakhoma, chifukwa chimene chimaotcha power supply ndi kubwera kwake mwamphamvu. Ndalama zimene komiti ikanasaka za malaisensi, zochepa zimene ingapeze zipite ku ma surge protector otchinga magetsi obwera mwamphamvuwo, UPS imodzi ya seva (batire yogwirizira magetsi akathima), nsalu zofunditsira ndi mayunitsi. Desktop yakale yokhala ndi monita ya chimbuyo chachikulu ija imatha kudya mawati oposa 150, pamene kakompyuta ka Raspberry Pi 4 sikapitirira 15, osawerengera monita. Mukadzaganiza za sola m'tsogolo, kusiyana kumeneku ndiye kudzalamule kukula kwa mapanelo ndi mabatire.

Tsopano ndifike pa chimene chimandiwawa kwambiri. Zaka zingapo zapitazo ndinathandiza kukonza labu pa sukulu ina, zonse zinayenda bwino, ndipo mphunzitsi wake anali wakhama ngati inuyo. Patatha chaka ndi theka anamusamutsira ku boma lina. Nditabwererako ndinapeza chitseko chili ndi loko wochita dzimbiri, mavu atamanga zisa pawindo. Makompyuta onse anali amoyo. Chimene chinachitika n'chakuti pasiwedi ya akaunti ya mphunzitsi inali m'mutu mwa munthu mmodzi, ndipo seva itazima tsiku lina panalibe wodziwa kuti imayatsidwa poyamba, ena onse pambuyo. Ana a temu zitatu anaphunzira kompyuta pa bolodi, makina ali kuseri kwa khoma. Kuyambira pamenepo sindiika Linux pa sukulu imene wophunzira nane ndi mmodzi yekha. Ndi Windows, mukasowa pogwira mumapeza mnyamata pa msika amene amaidziwa. Ndi Linux, odziwa akadali ochepa m'madera athu, choncho sukulu iyenera kudzilerera akatswiri ake. Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri.

Mnyamata wa ku yunivesite uja adzabwerera kusukulu holide ikatha. Choncho akabwera, manja pa kiyibodi akhale anu ndi a mnzanuyo, iye azingoloza. Muike nokha kompyuta yoyamba, muifufute, muiikenso mpaka muzitha opanda iye. Gulani kope lachikuto cholimba lokhala m'labumo, muzilembamo chilichonse chimene chavuta ndi mmene mwachithetsera, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, bola wobwera pambuyo panu amve. Mapasiwedi alembedwe, aikidwe mu envelopu, asungidwe mu ofesi ya ahedi. Ndipo yambitsani kalabu ya ana a Fomu 1 mpaka 3, atsikana akhalemo ochuluka ngati anyamata, ndipo nawonso azigwira sikuludiraiva. Ana amaphunzira zinthu zimenezi mofulumira kuposa ife, ndipo wa Fomu 1 akhala pa sukulupo zaka zinayi, mwina kuposa inu.

Musawauze anzanu kuti Linux siigwidwa vairasi. Mavairasi a Windows sayenda pa iyo, zimenezo n'zoona, koma fulashi yodwala ikadutsa pa Linux osayeretsedwa imakapatsirabe laputopu ya ahedi. Malikisi a ana ndi zina za mu ofesi zisakhale pa makompyuta a m'labu, ndipo zikopedwe pa disiki ina temu iliyonse. Samalaninso ndi mawebusaiti ophunzitsira aulere amene amafuna mayina, zaka ndi manambala a foni a ana. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu, Data Protection Act la 2024, ndipo ubwino wina wa Kolibri pa seva yanu n'ngwakuti zonse zimatsala pa sukulu pomwepo.

Pali nthawi zina zoti musalimbane nazo nokha. Mukamva fungo la kupsa, bokosi la kompyuta likamagwira munthu shoko, kapena swichi yaikulu ikamagwa mukayatsa makompyuta onse, tsekani labu muitane wamagetsi wovomerezeka, chifukwa apo pali moyo wa ana. Power supply ndi monita ya chimbuyo musazitsegule, zimasunga magetsi ngakhale zitazulidwa, ndipo zikafa musaziotche kudzala. Hard disk yokhala ndi zolemba zofunika ikayamba kulira kuti ke ke ke, izimitseni nthawi yomweyo muipititse kwa wodziwa, kuiyatsayatsa kumaimaliza. Pa zina monga pirinta yokana kapena seva yosaoneka pa netiweki, mukalimbana nazo masiku awiri osaphula kanthu, funsani. Ophunzira za ICT a ku MUBAS, MUST, Mzuni ndi UNIMA ambiri amaidziwa Linux ndipo amasaka malo ochitira attachment. Kalata ya ahedi yopita ku dipatimenti yawo ikhoza kukupezerani wina. Funsaninso m'sukulu za m'kalasita yanu, mwina pali mnzanu amene anayamba kale.

Sabata ino pezani fulashi ya 8 GB, muikepo Linux Mint, muyese pa imodzi mwa makompyuta 7 ogona aja. Ikayaka, itanani ahedi akhale pampando, atsegule Writer, alembe okha kalata yopita ku MANEB ija n'kuisindikiza. Mukatero mundilemberenso, mundiuze RAM ndi purosesa ya kompyuta iliyonse ndi mtundu wa pirinta yanu, kuti tione amene apite ku Fomu 1 ndi amene akhale seva.